Amayi Amene Fatsani Anawafufuta

Sendezani chitsa icho pamoto. Inu mwakamba za afiti ndi malichero awo, nkhani zongomva kwa anthu. Yangayi ndinalipo, ndipo anthu ake ndi a m'banja mwathu momwe.

Mlongo wanga wamng'ono, Mwandida, anakwatiwa ndi Fatsani Mlenga, wojambula zithunzi wa ku Kawale. Maukwati, zinkhoswe, ana omaliza sukulu, zonsezo zinali zake. Koma chaka chimene ndikunenachi mlamu wangayo anagwidwa ndi matenda a nyenyezi. Ankati m'tauni thambo linaphedwa kale ndi magetsi, ndipo wofuna kuona Mlalang'amba weniweni, mzere woyera uja wodula thambo pakati, ayenera kukwera phiri m'nyengo yozizira, mwezi kulibe. Anagula choimikira kamera cha miyendo itatu, n'kumagona mochedwa akuphunzira. Anandifotokozera kuti usiku kamera siphethira ngati masana. Umaitsegula diso n'kuisiya ikumwa kuwala pang'onopang'ono, kwa nthawi yoti munthu anene Atate Wathu mpaka kumapeto, kenako imatseka yokha. Chinthu choyenda sichigwidwa, chimasungunuka ngati utsi. Chimatuluka ndi chokhacho chimene chaima duu.

Nthawi imeneyo Mwandida anali woyembekezera. M'mbuyomo anali atapita padera kangapo, ndiye pakhomo paja palibe amene ankatchula za mwana. Timalaya ndi matewera ankagula mobisa n'kumasunga pansi pa sutikesi. Fatsani naye sankatchula, koma ankafuna chithunzi chachikulu cha nyenyezi choti akoleke kumutu kwa bedi. Ankati mlendo akadzafika adzapeze thambo m'nyumba.

Galimoto analibe. Ine ndili nayo yakale, ya zitseko zinayi, imene ndimanyamulira kachewere kuchokera ku Dedza. Tsiku lina anandipeza ndikutsitsa matumba.

"Alamu, galimoto yanuyi imakwera phiri?"

"Imakwera, bola iuzidwe chimene ikukatenga."

"Nyenyezi."

"Matumba angati?"

Anaseka, ine ndinavomera. Tinanyamuka masana, tinadutsa Linthipe, n'kukhotera mumsewu wafumbi wolowera ku phiri la Kalirangwe. Phirilo lili ndi msewu wa anthu a zankhalango wofika pafupi ndi pamwamba. M'munsi mwake muli chipata cha mtengo umodzi wopingasa, ndi kanyumba ka mlonda. Mlondayo anali bambo wa chijasi chachitali ndi chipewa choluka, dzina lawo a Dzimbiri. Anasuzumira kutsogolo, anasuzumira kumbuyo.

"Muli awiri?"

"Awiri, bambo," anayankha Fatsani.

"Chabwino." Anakweza mtengo.

Tinafika pamwamba dzuwa litalowa. Pali mwala waukulu wafulati, kenako udzu wofika m'chiuno, kenako mtunda wina wakuda wotalika ngati msana wa ng'ombe yogona. Kutsidya kwa mtundawo kulibe mudzi, ndi phompho. Mdima utakhwima ndinamvetsa matenda a mlamu wanga. Nyenyezi zinali zothinana ngati mapira omwazika pamphasa, ndipo Mlalang'amba unatulukira kuseri kwa mtunda uja ngati utsi wa moto wa munthu amene sukumuona. Fatsani anaimika kamera yake, anailozetsa kumeneko, n'kundiletsa kuyatsa tochi. Ankadina, kudikira, kamera n'kuti thekee, iye n'kudinanso.

Mphepo imene inatilandira pofika inaleka mwadzidzidzi. Udzu unasiya kugwedera. M'batamo ndinamva mtondo. Misi iwiri, yolandizana, du, du, du, du, monga amachitira amayi awiri ozolowerana.

"Alamu, mukumva?"

"Ndi kumidzi kumunsiko. Usiku mawu amakwera."

Sindinatsutse, koma khutu langa linkandiuza kuti mawuwo sakuchokera kumunsi. Ankachokera kutsogolo, kumtunda kuja. Ndiponso ndani amasinja pakati pa usiku? Ndinayenda kupita kugalimoto, ndinabwerera, ndinapitanso. Kukhala pansi kunkandikanika. Kenako kunabwera fungo la utsi wa nkhuni zaziwisi, koma moto sunkaoneka paliponse.

Ndinathira tiyi wa m'fulasiki m'kapu, ndinamwa theka, n'kuika kapuyo pamwala kuti ndimange nsapato. Nditaweramuka ndinaifufuza ndi dzanja. Ndinaipeza cha pambali, yovundikira. Ndinainyamula n'kununkhiza. Inali yotsukidwa, m'kati muli timadontho ta madzi ozizira.

"Alamu, mwakhudza kapu yanga?"

"Ine sindinachoke pano. Inu mwaona chivindikiro cha kamera? Ndinachiika pagalimoto."

Sitinachipeze. Fatsani anati mwina chagwera muudzu, n'kubwerera ku ntchito yake. Ankayang'ana pa kagalasi ka kuseri kwa kamera n'kumang'ung'udza mokondwa. Pakagalasipo pankaoneka thambo lowala ndi mtunda wakuda bii, basi. Mtondo unaleka. Patapita kanthawi munthu anatsokomola muudzu, pafupi, chifuwa cha munthu wamkulu wodziletsa kuti asamveke. Apo Fatsani naye anatembenuka.

"Ndi nyani," anatero pamapeto pake, koma anayamba kupinda miyendo ya choimikira chija.

Potsika galimoto inkalemera mbali ya kumanzere chakumbuyo. Ndinaima n'kukayang'ana tayala, linali lokhuta bwinobwino. Tinafika pachipata atambala oyamba akulira. A Dzimbiri anakweza mtengo, tinawatsanzika, iwo anagwedeza mutu. Galimoto ikudutsa anavula chipewa, anawerama cha pa zenera lakumbuyo, n'kuomba m'manja pang'ono.

"Muyende bwino, amayi."

Ndinayang'ana pagalasi. Pampando wakumbuyo panali chikwama cha kamera chokha.

"Mkuluyu wawotha kachasu m'malo mwa moto," anatero Fatsani. Anaseka yekha. Mpaka ku Lilongwe sindinayang'anenso pagalasi lija.

Madzulo a tsiku lotsatira ndinapita kwawo kukasiya ndiwo, ndipo ndinamupeza ali pa laputopu akukonza zithunzi. Anandikokera mpando. Anati chithunzi cha usiku chimabwera chaiwisi, chofunika kuphika. Anachotsa timadontho tokhala ngati mchenga, anakoleza nyenyezi, anapatsa thambo mtundu wake, moti Mlalang'amba unaoneka bwino kuposa mmene tinauonera ndi maso. Kenako anati mtunda uja wada kwambiri, aukwezere kuwala pang'ono kuti udzu uoneke. Anakoka kachizindikiro kena ndi chala. Mdima unayamba kusungunuka.

Udzu unatuluka. Pamwamba pa udzuwo panatuluka mitu.

Anali anthu, ataima mondandana m'mbali mwa mtunda, ena aatali ena aafupi. Onse anatipatsa msana, nkhope zili kumwamba. Zovala zawo sizinkadziwika bwino, zinali ngati zofunda zokoleka paphewa. Fatsani anatsegula chithunzi chachiwiri, chachitatu, mpaka chomaliza. Anthuwo anali pomwepo, osasuntha ngakhale pang'ono, usiku wonse. Mmodzi yekha ndiye anali wosiyana. Anali mayi, womanga nsalu pachifuwa, ndipo iye anayang'ana kuno. Nkhope yake siinagwidwe, panali pongoyera mbuu. M'chithunzi choyamba anali kumtunda pamodzi ndi anzake. M'zotsatira anali pakati pa udzu. M'chomaliza anali m'mphepete mwa mwala umene tinaimapo, pafupi moti akanatha kugwira mwendo wa choimikira kamera.

"Zitsa izi," anatero Fatsani. "Kuwala ukakukweza kwambiri, kompyuta imapeka zinthu."

"Chitsa chimavala nsalu?"

Amene anafunsayo anali Mwandida. Sitinamumve akulowa. Anaima kumbuyo kwathu, dzanja lili pamimba, maso ali pa mayi uja.

"Asiyeni, a Fatsani. Jambulani kwina."

"Thambo ngati ili sindidzalipezanso. Ndingowachotsa, pasatsale kanthu."

Anasankha kachida kofufutira n'kuyamba. Anthu ena aja anachoka mosavuta, mmodzimmodzi, pamalo pawo n'kubwera nyenyezi. Mayi uja ndiye anavuta. Akafufuta, pamalopo pankatsala poyera ngati pamene pachotsedwa nkhanambo. Anabwereza, anabwereza, mpaka anakopera udzu wa pambali n'kumata pamenepo. Mwandida anali atapita kale kuchipinda. Patapita masiku ochepa chithunzicho chinasindikizidwa, chachikulu ngati chitseko chogoneka, ndipo chinakolekedwa kumutu kwa bedi. Kunena zoona chinali chokongola.

Choyamba kusowa inali shawelo yoyera ya mwana. Mwandida anakhuthula sutikesi yonse, sanaipeze. Kenako matewera, kenako kachipewa, kenako beseni latsopano limene linali pansi pa bedi. Chitseko sichinathyoledwe, ndipo kamera ndi laputopu zinali pamalo pake. Mayi wa nyumba yoyandikana nayo anabwera kudzadandaula kuti n'chifukwa chiyani akusinja usiku pamene chigayo chili pafupi. Mwandida alibe mtondo.

Fatsani anayamba kundiimbira foni nthawi zosayenera. Usiku wina anati, "Alamu, bwerani mudzaone mlongo wanu." Ndinapita. Ndinamupeza Mwandida ataima pakati pa bwalo, wopanda nsapato, m'kuzizira kwa Julaye, nkhope ili kumwamba. Sankaphethira. Ndinamuitana, sanayankhe. Nditamugwira paphewa anapuma mozama ngati wotuluka m'madzi.

"Achimwene, mwabwera liti?"

"Ukutani panja pano?"

"Ndimawaperekeza. M'nyumba akuti mukuwathina."

"Ndani?"

Anandiyang'ana ngati ndafunsa zachibwana, n'kulowa m'nyumba. Pakhonde panali mpando umodzi umene anaukokera pakona, ndipo anatiletsa kukhalapo. Madzulo ankaikapo kapu ya madzi. M'mawa kapuyo inkapezeka yovundikira.

Fatsani anaonda. Anasiya kulandira ntchito za maukwati, n'kumangozungulira m'nyumba, kutseka mazenera, kutsegulanso. Anaganiza zobwezera anthu aja pachithunzi. Anatsegula zithunzi zoyambirira zimene anasunga padera, zosakhudzidwa, n'kukweza kuwala mpaka kumapeto. Ndinali pambali pake. Udzu unatuluka, mtunda unatuluka, koma munthu panalibe ndi mmodzi yemwe. Anayang'ana pakakhadi ka m'kamera, namonso munali chimodzimodzi. Kenako anatseka laputopu mofatsa ngati akuopa kudzutsa wina.

Mimba itafika miyezi isanu ndi itatu, mwana anasiya kugunda. Tsiku loyamba Mwandida sananene. Lachiwiri tinamutengera kuchipatala. Anamupima, anati mtima ukumveka koma motsika, ndipo abwere m'mawa ndi katundu wake adzagonekedwe. Tinabwerera kunyumba. Ine sindinapite kwathu, ndinagona pampando wa pabalaza ndi nsapato kuphazi.

Anandidzutsa ndi Mwandida. Anali atavala juzi ndi chitenje, mpango kumutu.

"Achimwene, tengani makiyi."

"Zavuta? Tipite kuchipatala?"

"Ku phiri."

Fatsani anatuluka kuchipinda akupukuta m'maso. "Mwandida, adokotala anena kuti m'mawa."

"M'mawa mwanayu safika. Amayiwa akuti kwawo kuli anzawo, okha sangathe."

"Amayi ake ati?"

"Amene munawachotsa pamalo pawo. Anabwera kudzandiona ine, inu n'kufufuta pobwerera pawo. Mumati aima pati?"

Fatsani anagwada n'kumugwira miyendo, kumupempha. Ine ndinamuuza kuti ndi misala kutenga mayi wotopa chotero kupita naye kutchire. Anatimvetsera mpaka tinamaliza. Kenako anati, mosakweza mawu, "Ana anga ena aja munawaika ndinu awiri, ine ndili chigonere. Uyu ndiloleni ndiyese ndekha. Mukakana ndiyenda wapansi." Anatsegula chitseko n'kutuluka. Tinamupeza ali kale pamsewu.

M'galimoto Mwandida anakhala kumbuyo, mopanikizika kumbali imodzi, kusiya malo aakulu kumanzere. Njira yonse ankalankhula motsitsa, kudikira, kuyankha. Penapake anaseka pang'ono. Fatsani anali kutsogolo, manja atapanira pakati pa mawondo. Kamera anaisiya kunyumba. Ine ndinkangoti tikafika pachipata a Dzimbiri atikaniza, ndipo tikhotera kuchipatala chaching'ono cha m'munsi mwa phiri. Koma tinapeza mtengo uli wokweza kale. A Dzimbiri anaima pambali, chipewa chili m'manja, nkhope ataloza kutchire. Sanatiyang'ane.

Matenda anamuyamba tili pakati pa chitunda. Ndinamva akupuma mothamanga, chikhatho chikumenya pampando. Ndinafuna kutembenuza galimoto koma msewu ndi wopapatiza, mbali ina phompho. Foni inalibe netiweki. Tinafika pamwala paja, ndinazimitsa injini. Mphepo kunalibe.

Mwandida anatsika yekha. Analowa muudzu atawerama, mkono umodzi utakwera m'mwamba mopingasa, monga amachitira munthu amene wakoleka dzanja paphewa la mnzake. Fatsani anamutsatira.

"Amuna safika kuno," anatero osacheuka. "Bwererani pamwala, mutembenuke. A Fatsani, mukacheuka mudzaika maliro awiri."

Tinabwerera. Tinaima moyandikana, msana kumtunda, kutsogolo kwathu kuli mdima wa chigwa ndi nyenyezi. Poyang'ana pena panalibe, ndiye tinayang'ana kumwamba.

Choyamba kumveka anali mapazi. Ambiri, opanda nsapato, akutsika muudzu mosafulumira. Kenako manong'onong'o a azimayi, mawu ake osagwirika, ngati anthu akulankhula kuseri kwa khoma. Wina anathyola nkhuni pabondo. Fungo la utsi lija linabwera, ndipo msana wanga unayamba kufunda ngati ndayandikira moto, koma kutsogolo kwathu kunalibe chithunzithunzi, mwala unali wakuda monga kale. Madzi anathiridwa m'beseni. Ndinalidziwa ndi kulira kwake, linali la pulasitiki.

Mwandida anayamba kubuula. Pakati pa kubuulako pankabwera mawu ena, okhuthala, a mayi wachikulire, omulimbikitsa m'chilankhulo chathu chomwechi koma chokhota mwakale, moti ndinkagwira liwu limodzi n'kutaya atatu. Ndinamugwira Fatsani padzanja. Khosi linandiwawa, miyendo inachita dzanzi, koma kusuntha ndinkaopa. Nyenyezi zimene zinali pamutu pathu zinatsetsereka mpaka kukafika m'mphepete mwa chigwa, ife tili chiimire.

Mwandida anakuwa kamodzi, kwautali. Kenako kunati zii.

Bata limenelo ndi limene sindiliiwala. Kunalibe kulira kwa mwana, kunalibe mawu a Mwandida, ngakhale manong'onong'o aja anatha. Ndinamva mlamu wanga akuyamba kupotoloka. Ndinasiya dzanja n'kumukumbatira mutu, kuukanikiza paphewa langa. Analimbana nane, anandiluma pajekete.

"Ndisiyeni, alamu. Mkazi wanga."

"Ndi mlongo wanganso. Imani."

Kumbuyo kwathu wina ankapuma mwamphamvu, kupemerera, kupemereranso. Madzi anawazidwa. Kachikhatho kanamveka, phaa, pathupi laling'ono. Kenako kanabwera kamawu kowonda ngati ka mwana wa mbuzi, kanadukiza, n'kubweranso kamphamvu.

Nthungululu zinaphulika mtunda wonse. Sizinali za anthu atatu kapena anayi. Zinayambira pafupi n'kufalikira mpaka kumapeto kwa mtunda, ndipo pansi pake pankamveka amuna akuomba m'manja mwaulemu, mofanana. Zinatha monga zinayambira, mwadzidzidzi. Kufunda kwa kumsana kunachoka, mphepo inabwerera, udzu unayambanso kulira.

"Bwerani tsopano," anatero Mwandida.

Tinamupeza atatsamira mwala wina muudzu, atasambitsidwa, atamangidwa chitenje bwinobwino m'chiuno. M'manja mwake munali mwana wamkazi, wokulungidwa m'shawelo yoyera ija, kachipewa kali kumutu. Matewera anali pambali, opinda, m'beseni. Zonse zinkanunkha utsi. Ndinayatsa tochi kuyang'ana pansi. Panalibe phulusa, panalibe magazi, udzu wokha unali wogona mozungulira malo aakulu ngati pamene panakhala msonkhano.

Tinatsika nawo kuchipatala chaching'ono chija kukucha. Namwino anatikalipira koopsa, ndipo sindimuimba mlandu. Atamuvula mwana anaona mzere wofiira wozungulira khosi, pamene mchombo unamukulunga. Anaonanso kuti mchombowo wamangidwa ndi luzi, mfundo yake yachilendo.

"Wakuchiritsani ndani, mayi?"

"Azimayi."

"A mudzi uti?"

Mwandida anatseka maso ngati wagona. Atadzuka anatiuza kuti mwanayo dzina ali nalo kale, analandira komweko. Ndi Akuzike.

Fatsani anatsitsa chithunzi chija n'kuchiika kuseri kwa kabati, chitayang'ana kukhoma. Anabwerera ku maukwati ake. Makasitomala ena amadandaula kuti zithunzi zake za madzulo zimakhala zakuda m'makona, iye amangoti ndi mmene zinatulukira. Mtondo sunamvekenso ku Kawale, ndipo mpando wa pakhonde unabwerera patebulo.

Tinkayesa zatha. Koma chaka chotsatira, nyengo yozizira itafika ndipo mwezi utafa, Mwandida anabereka mwana kumbuyo n'kundiuza kuti nditenge makiyi. Anati analonjeza kuti azikamuonetsa. Zina zimene analonjeza sananene, ndipo mwamuna wake akafunsa amangoyankha kuti ndi za azimayi. Kuyambira pamenepo chaka chilichonse timapita. Ine ndi Fatsani timaima pamwala titatembenuka, iwo amalowa muudzu, ndipo amabwerera kusanache.

Mwanayo anakula bwino, wanzeru kusukulu, wosadwaladwala. Koma ali ndi zake. Akamatsuka mbale amaimba nyimbo za pamtondo zimene ngakhale amayi athu kumudzi sazidziwa. Chaka china anakwera phiri tsitsi lili lomasula, n'kutsika litalukidwa timizere ting'onoting'ono tozungulira mutu ngati chigoba cha nkhono. Mlongo wanga kuluka sadziwa, amalipira ena. Ndinamufunsa mwanayo m'galimoto kuti wakuluka ndani. Anati, "Agogo a kumtunda. Manja awo ndi ozizira koma sakoka."

Chaka chino Akuzike watha msinkhu. Mwezi wathawu Mwandida anatiitana ine ndi Fatsani, anatikhazika pansi. Anati ulendo uno ndi wosiyana. Akuti amayi a kumtunda aja akufuna mwanayo akamulange okha, monga amachitira ndi namwali, ndipo iye akangomusiya muudzu n'kubwerera. Adzamuuza tsiku lokamutenga.

"Masiku angati?" anafunsa Fatsani.

"Sananene."

"Ndiye sapita. Ndi mwana wanga."

"Ndi wanu, inde," anatero Mwandida, misozi ikutsika. "Koma anapuma ndi mpweya wa ndani?"

Dzana Fatsani anabwera kwathu yekha. Wakalamba msanga mlamu wanga, imvi mutu wonse. Anandipempha kuti ndinene kuti galimoto yawonongeka, mwezi ukabadwanso mwina nkhaniyi izizira. Ndinavomera, pakuti nanenso mtima wanga unali komweko. Ndinatsegula boneti, ndinamasula batire n'kulibisa m'nyumba kuseri kwa matumba.

Dzulo madzulo ndikukhala pakhonde ndinaona Akuzike akulowa pageti, atavala yunifolomu, chikwama cha mabuku kumsana. Palibe amene anamuuza za batire. Anagwada, anandipatsa moni, anafunsa za azakhali ake, mkazi wanga. Kenako anakhala pansi pafupi ndi mapazi anga n'kumaseweretsa lamba wa chikwama.

"Amalume, bwezerani batire lija."

Ndinati galimoto yafa, ikufunika makaniko.

"Musavutike, amalume. Ine sindikuopa. Koma akuti mukandiperekeza, ndi ulendo, ndipo wa paulendo amabwerera. Mukapanda kundiperekeza abwera okha kudzanditenga." Anakweza maso n'kundiyang'ana. "Akuti chimene adzitengera okha sabweza."

Ndinamuperekeza mpaka pokwerera minibasi. Nditabwerera ndinatenga sipanala, ndinanyamula batire, n'kulimangirira pamalo pake. Ndinaliza injini kuti ndimve ngati ili bwino, ndipo inalira kamodzi kokha. Fatsani sindinamuuzebe. Mwezi watsala kachidutswa ngati chikhadabo, ndipo ukufa sabata ino.